Zoyenera kuzimvetsa musanachoke pa lendi n'kugula nyumba yoyamba ya banja

Munthu amene wakhala zaka zambiri m'nyumba za lendi amadziwa kuyendera nyumba. Amafunsa ngati madzi amatuluka tsiku lililonse, ngati mita ya magetsi ndi yayekha kapena yogawana ndi anzake a mumpanda, ngati landilodi amakhala pompo, ndiponso ngati minibasi imafika pafupi nthawi ya dzinja. Mafunsowa ndi abwino, koma ndi a munthu amene akudziwa kuti zinthu zikavuta apereka notisi, apeze lole, asamuke. Wogula sasamuka mophweka chotere, chifukwa ndalama zimene wasonkhanitsa kwa zaka zambiri zimakhala zalowa pamalo amodzi. N'chifukwa chake funso lake loyamba liyenera kukhala lija limene wa lendi safunsa n'komwe: kodi dothi limene nyumbayi yaimapo ndi la yani, ndipo amene akugulitsayu ali ndi mphamvu yotani yolipereka kwa wina?

Yankho lake limasiyana malo ndi malo, ngakhale mumzinda umodzi womwewo. Malamulo a za malo amene anakhazikitsidwa mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022, ndi aatali, koma kwa banja lofuna nyumba ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba, chachikulu n'kudziwa ofesi imene ili ndi buku la malowo. Nyumba zambiri za m'madera okonzedwa bwino zili pa malo a liizi, amene boma linabwereketsa kudzera ku Unduna wa za Malo, kawirikawiri kwa zaka 99. Wogula nyumba yotere sakugula dothi kwamuyaya ayi, akugula zaka zimene zatsala pa liiziyo, ndipo zakazo zimawerengedwa kuyambira tsiku limene liizi inaperekedwa kwa munthu woyamba, osati tsiku limene inu mwalipira. Liizi imabweranso ndi mfundo zake: pali ndalama ya ground rent yolipira chaka ndi chaka, pali ntchito imene malowo anaperekedwera, pali nthawi imene mwini wake amayenera kukhala atamangapo, ndipo kusintha umwini kumafuna chilolezo cha mwini malo amene anapereka liiziyo. Malo a freehold, amene umwini wake ulibe malire a zaka, alipo ndithu, makamaka kuchigawo cha kummwera kumene ena anachokera ku minda ya atsamunda, koma ndi ochepa ndipo banja logula nyumba yoyamba silikumana nawo kawirikawiri.

Palinso nyumba ndi mapuloti a bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964 ndipo lili ndi nyumba m'madera ngati Area 18 ku Lilongwe, Nkolokosa ndi Kanjedza ku Blantyre, komanso Katoto ku Mzuzu. Zina mwa nyumbazi zinagulitsidwa kwa anthu ndipo eni ake ali ndi mapepala, koma zina ndi za bungwelo mpaka lero. Munthu angathe kukhala m'nyumba ya bungweli zaka 30, kuikonza, kumanga mpanda ndi kubzala mitengo ya mango, koma akadali wa lendi ngati inu nomwe. Malisiti a lendi, ngakhale atadzaza chikwama, si umboni wa umwini, ndipo amene akukupatsani makiyi a nyumba yotere mutamulipira sanakugulitseni kanthu. Bungwelo lili ndi maofesi ndi mafayilo, choncho kufunsa za nambala ya nyumbayo n'kosavuta.

Mabanja ambiri amene amapeza ndalama zapakatikati amagula m'madera amene mapuloti ake amayang'aniridwa ndi makhonsolo a mizinda, monga mbali zina za Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Kawale, Area 25 ndi Chibavi. Kumeneko dzina la mwini puloti limakhala m'buku la khonsolo, ndipo kusintha dzinalo kumachitikira ku khonsolo komweko, wogulitsa ndi wogula atapita onse. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kalata ya khonsolo yopereka puloti si title deed, chikalata cha umwini cholembedwa m'kaundula wa boma. Imakuzindikiritsani ngati mwini wake, inde, koma banki yofuna chikole kawirikawiri imafuna liizi yolembedwa m'kaundula wa boma, ndipo kuipeza ndi ntchito ina yofuna ndalama ndi nthawi. Ndi bwinonso kukumbukira kuti m'madera omwewo muli nyumba zina zimene zinamangidwa popanda puloti yodulidwa ndi khonsolo, moti nyumba ziwiri zoyandikana zingathe kukhala ina yodziwika ku ofesi, ina yosadziwika.

Nkhani imavuta kwambiri m'mphepete mwa mizinda, kumene mitengo ndi yotsika ndipo anthu otopa ndi lendi amathamangirako: Mpemba, Chileka, Lunzu, Njewa, Chitedze, Nathenje ndi malo ena otere. Ambiri mwa malowa ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo umboni umene wogula amalandira ndi kalata yolembedwa pamanja yokhala ndi chidindo cha amfumu. Kalatayo ili ndi ntchito yake ndipo si yonyozeka, koma siyankha funso lakuti mundawo unali wa munthu mmodzi kapena wa mbumba yonse. Nthawi zambiri amene wagulitsa amakhala mdzukulu kapena mphwake wa mwini mbumba, abale ena ali ku Joni kapena kutauni, ndipo mkangano umabuka nyumba itafika kale pa mawindo. Kwina puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri, aliyense ndi kalata yake ya chidindo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa magulupu ndi njira yolembetsera malo a makolo m'kaundula, ndipo linaika malire pa kagulitsidwe ka malo otere, kotero wogula ayenera kufunsa ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya bomalo asanapereke kanthu, osati atapereka kale. M'kati mwa malire a mzinda nkhani ndi ina: chidindo cha mfumu kapena cha mkulu wa dera sichipereka umwini pa malo amene ali m'manja mwa boma kapena khonsolo, ndipo nyumba zomangidwa pamalo otere zagwetsedwapo kangapo eni ake akuonerera.

Mapepala amene wogulitsa wakuonetsani asakhale mapeto a kafukufuku, chifukwa pepala limatha kukopedwa, kusinthidwa dzina, kapena kukhala lenileni koma lakale. Ku Land Registry, ofesi ya kaundula wa malo imene ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, munthu aliyense angathe kulipira ndalama yochepa n'kupempha kuti amufufuzire nambala ya malowo. Zotsatira zake zimasonyeza dzina la mwini wake, kukula kwa malo, zaka za liizi, ndiponso zinthu ziwiri zimene wogulitsa wosakhulupirika sangazitchule: ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole ya ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso chakuti isagulitsidwe chifukwa cha mlandu kapena mkangano. Malo amene sanalembedwe m'kaundulayu pansi pa lamulo la Registered Land Act amafufuzidwa ku ofesi ina yotchedwa Deeds Registry. Dzina la m'kaundula lifanane ndi dzina la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene akulandira ndalama. Zikasiyana, pakhale chikalata chalamulo chofotokoza chifukwa chake, osati nkhani ya pakamwa yakuti "ndi achimwene anga, anandituma".

Kusiyana kwa mayinaku kumachitika kwambiri pa nyumba za masiye, ndipo nyumba zoterezi n'zambiri pamsika chifukwa ana akafuna kugawana chuma amafulumira kugulitsa. Pansi pa lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, amene angagulitse nyumba ya womwalira ndi munthu amene khoti lamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, osati mwana woyamba kapena malume chifukwa cha udindo wawo pabanja. Kugula kwa munthu wopanda zikalata za khoti ndi kugula mlandu, ndipo mlandu wa chuma cha masiye umatha kutenga zaka zambiri wogula asakutha kulowa m'nyumba kapena kubwezeredwa ndalama zake.

Pa zifukwa zimenezi, ndalama yolipira loya ndi yolipira katswiri woyeza malo siyenera kuonedwa ngati yongotaya. Loyayo akhale wanu, osati wa wogulitsa kapena wobwera ndi ajenti, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mayina a maloya amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Woyeza malo ntchito yake ndi kupeza mabikoni, zizindikiro za malire a malo, ndi kuwayerekeza ndi mapu a puloti, popeza mpanda wa njerwa sutsatira malire enieni nthawi zonse. Pena umalowa m'puloti ya mnansi, pena m'malo osungidwira msewu kapena pansi pa mawaya aakulu a ESCOM. Za madobadoba sindinena zambiri. Ena amadziwadi kumene kuli nyumba zogulitsa ndipo amathandiza, koma phindu lawo lili pakuti malonda achitike msanga, n'chifukwa chake mawu akuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa" samasowa pakamwa pawo. Ndalama ya nyumba ipite kwa mwini wake kudzera ku banki, kapena isungidwe ndi loya mpaka mapepala atasainidwa, ndipo iperekedwe m'magawo amene alembedwa m'mgwirizano.

Mtengo umene mwagwirizana ndi wogulitsa si ndalama yonse imene idzatuluke m'thumba. Pali msonkho wa stamp duty pa chikalata chosinthira umwini, pali zolipira polembetsa m'kaundula, pali chiphaso cha MRA chotsimikizira kuti za misonkho zili bwino, pali loya, woyeza malo ndi wowerengera mtengo wa nyumba. Palinso ngongole zakale zimene zimamatirira kunyumbako: misonkho ya khonsolo imene sinalipidwe, ground rent ya zaka zingapo, ndi bilu ya madzi. Mgwirizano unene momveka kuti wogulitsa alipira zonsezi umwini usanasinthidwe, kapena kuti zichotsedwe pa mtengo. Banja limene laika ndalama zake zonse pa mtengo wa nyumba limapezeka kuti lalowa m'nyumbamo koma dzina la m'kaundula likadali la wogulitsa, ndipo zikakhala choncho kwa zaka, wogulitsayo n'kumwalira, ntchito yonse imayambiranso ndi ana ake.

Tsono tifike pa ndalama zenizenizo. Ngongole ya nyumba ya ku banki ilipo m'dziko muno kuyambira kale. Banki ya NBS inayamba mu 1964 ngati New Building Society, bungwe lobwereketsa ndalama za nyumba, ndipo lero mabanki ena aakulu amaperekanso ngongole yotere. Koma amaipeza ndi ochepa, chifukwa imafuna malipiro okhazikika, title deed yoyera, gawo la mtengo loti wogula alipire yekha, inshuwalansi ya nyumba ndi ya moyo, ndiponso mbiri yabwino ya ngongole, pakuti mabanki amafunsa ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka. Chovuta koposa ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ngongole za mabanki zinkayendera pamenepo.

Tiyeni tiwerengere pa 25 peresenti pachaka kuti tione tanthauzo lake. Munthu akabwereka K50 miliyoni yobweza pa zaka 15, amalipira pafupifupi K1,068,000 mwezi uliwonse, ndipo pa ndalama ya mwezi woyamba, K1,042,000 ndi chiwongoladzanja chokha, pamene yochepetsa ngongole yeniyeniyo ndi pafupifupi K26,000 basi. Pomaliza amakhala atapereka ndalama zoposa K190 miliyoni. Ambiri amaganiza kuti kutalikitsa zaka kumapepuza mtolo, koma pa chiwongoladzanja chokwera chotere sizitero: akasankha zaka 20, malipiro a pamwezi amatsika ndi K19,000 yokha, koma waonjezera zaka 5 zolipira. Akasankha zaka 10, malipiro amakwera kufika pafupifupi K1,137,000, kusiyana kwa K70,000 pamwezi, ndipo ndalama yonse yobweza imatsika ndi K55 miliyoni ndi kupitirira. Choncho amene angakwanitse ngongole ya zaka 15 ayesetse kufunsa za zaka 10, ndipo afunsenso ngati banki imalola kubweza msanga popanda chilango. Afunsenso ngati chiwongoladzanjacho n'chokhazikika, chifukwa kawirikawiri chimasintha, kutanthauza kuti malipiro a pamwezi angathe kukwera malipiro a kuntchito asanakwere.

Kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti mudzagule popanda ngongole nakonso kuli ndi vuto lake, ndipo si chilungamo kulibisa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera motsatira. Amene anasunga ndalama mu akaunti wamba anaona kuti ndalama imene inali yokwana nyumba yatsala yokwana maziko ndi makoma. Ichi ndicho chifukwa chake Amalawi ambiri sagula nyumba yomalizidwa koma amagula puloti, kumanga maziko chaka chino, kukweza makoma chaka chamawa, kufolera, n'kulowamo pulasitala asanachitike. Ena amayamba ndi kanyumba kakang'ono kumbuyo kwa puloti kuti asiye kulipira lendi, ndalama ya lendiyo n'kumapita ku nyumba yaikulu. M'maganizo mwanga, kwa banja la malipiro apakatikati njira imeneyi ndi yanzeru kuposa ngongole yaikulu ya ku banki, malinga ngati pulotiyo ili ndi mapepala abwino ndipo pulani yavomerezedwa ndi khonsolo. Ngongole zing'onozing'ono za ku SACCO kapena za kuntchito zimathandiza pogula malata kapena pokokera madzi. Banki m'khonde imathandiza pa zinthu zobwezeka msanga, koma chiwongoladzanja chake cha pamwezi sichigwirizana ndi nyumba, imene sibala ndalama ikamangidwa kuti mukhalemo nokha. Katapila ndiye asayandikire n'komwe.

Kumanga kuli ndi msampha wake kwa anthu amene ali kutali. Amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Britain n'kumatumiza ndalama kwa m'bale kuti awagulire puloti ndi kuwamangira, aonetsetse kuti mapepala alembedwa m'dzina lawo kuyambira tsiku loyamba, ndipo amene akuwaimira akhale ndi chikalata chalamulo chomupatsa mphamvuyo. Zithunzi za pa WhatsApp zimasonyeza khoma, koma sizisonyeza kuti khomalo laima pa puloti ya yani.

Mapepala ndi ndalama zikalongosoka, m'pamene nyumba yeniyeniyo iyenera kuyenderedwa ndi maso atsopano, ndipo nthawi yabwino ndi ya mvula, pakati pa December ndi March, pamene denga lodontha, chinyontho cha m'makoma ndi msewu woterera sizingabisike. Penti watsopano pa nyumba yogulitsa ndi chikomekome cha mkuyu. Mmisiri wodziwa ntchito, amene mwabwera naye nokha, agogode pulasitala, aone ming'alu yodutsa pakona za mawindo, akwere m'denga kukaona ngati chiswe chadya mitengo, ayang'ane mawaya a magetsi ndi dzenje la zonyansa. Wa lendi amaitana landilodi zinthu zikaonongeka, koma mwini nyumba amaitana mmisiri ndi ndalama yake, choncho bajeti ya mwezi ndi mwezi ikhale ndi gawo la zokonzakonza. Malo amene nyumba yaima ndi ofunika kuposa maonekedwe ake. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira. Puloti ya m'mbali mwa phiri, ya m'dambo, kapena ya m'mphepete mwa mitsinje ngati Lingadzi, Mudi ndi Nasolo imatsika mtengo pa chifukwa chimene anthu okhala kumeneko amachidziwa bwino, ndipo kucheza ndi anansi awiri kapena atatu, wogulitsa palibe, kumaulula zambiri. Mtunda nawo uwerengedwe mu ndalama: nyumba yotsika mtengo ya ku Nathenje kapena ku Lunzu imatanthauza minibasi ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo kwa makolo ndi ana, kwa zaka zambiri.

Pali nkhani ina imene mabanja amaizemba chifukwa imaoneka ngati kulosera zoipa, koma ndi mbali ya kugula komweko: dzina limene lilembedwe pa mapepala. Kumudzi nkhaniyi imatsatira mwambo, kaya ndi chikamwini, chitengwa kapena ukwati wa lobola, ndipo aliyense amadziwa kuti nyumba yaima pa dothi la mbumba iti. Nyumba ya m'tauni yogulidwa ndi thukuta la anthu awiri ilibe mwambo woiteteza, ndipo abale a mbali iliyonse angathe kuiona ngati ya mwana wawo. Lamulo limalola kuti mayina a mwamuna ndi mkazi alembedwe onse, m'njira ziwiri zosiyana. M'njira yoyamba awiriwo ali ndi nyumba yonse pamodzi, ndipo mmodzi akamwalira imatsala m'manja mwa winayo popanda kulowa m'chuma chogawidwa. M'njira yachiwiri aliyense ali ndi gawo lake lodziwika, limene akamwalira limapita kwa olowa m'malo mwake. Banja limene lili ndi ana a m'maukwati akale lingakonde njira yachiwiri, pamene lina lingakonde yoyamba, koma chisankhocho chichitike pamaso pa loya tsiku losainira, awiri onse atamva kusiyana kwake. Lamulo la 2011 lija linaika kulanda chuma cha masiye m'gulu la milandu, ndipo limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, komabe mayi wamasiye amene dzina lake lili m'kaundula amavutika pang'ono poyerekeza ndi amene ayenera kukatsimikizira khoti kuti naye anagula nawo njerwa. Kulemba wilo nthawi yomweyo, loya akadali ndi fayilo patebulo, n'kotsika mtengo kuposa kudzabwereranso.

Notisi kwa landilodi wanu ikhale chinthu chomaliza. Kusintha umwini kumadutsa m'maofesi angapo ndipo kumachedwa kuposa mmene wogulitsa amalonjezera, komanso nyumba zambiri zogulitsa zimakhala ndi anthu a lendi amene ali ndi ufulu wopatsidwa nthawi yosamukira, ena atalipiriratu miyezi itatu kwa mwini wakale. Mgwirizano unene tsiku limene nyumbayo idzaperekedwe ili yopanda munthu, unene amene ali ndi udindo wowauza alendiwo ndi kuwabwezera zawo, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe tsiku lomwelo, mamita a madzi ndi magetsi atawerengedwa onse awiri alipo, kuti mayina akasinthidwe ku ESCOM ndi ku bungwe loona za madzi.